Ndikafufuze bwanji kayankhulidwe ka kumudzi?

FUNSO: Akonzi, ndili mu Folomu 3 kuno ku Nkhotakota. Aphunzitsi a Chichewa atituma kukafufuza momwe chikhalidwe chimaonekera m'kayankhulidwe ka anthu, tilembe masamba awiri. Nditafunsa agogo, anangonditchulira miyambi itatu yomwe ili kale m'buku. Nditani?
Wophunzira, Nkhotakota

YANKHO: Mwanathu, agogo sanalakwe. Mwambi subwera chifukwa wina waufunsa, umabwera pamene nkhani yathina. Sankha chochitika chimodzi chokha, ukakhalepo ndi kutchera khutu.

Ife tikadasankha bwalo la milandu. Pita kaye kwa amfumu pamodzi ndi munthu wamkulu wa kwanu, ukafotokoze kuti ndi za kusukulu. Usajambule mawu pa foni usanaloledwe, ndipo mayina a eni mlandu asalowe m'kope. Pa mawu aliwonse amene akugwira mtima lemba zinayi: wayankhula ndani, kaya ndi nkhoswe, nduna kapena mwini mbumba, amauza yani, nkhani inafika pati, anthu anatani atamva. Chachinayichi ambiri amachisiya, komatu chikhalidwe chagona pamenepo. Kodi amayi analuluta? Wodzudzulidwayo anawerama? Onanso ngati wodandaula akuyankhula kwa amfumu mwachindunji kapena akudzera mwa nduna, ndi pamene akuwomba m'manja.

Ukasankha asodzi, usapite mamawa. Nthawi imeneyo asodzi a khoka la chilimira angokocheza kumene, ali kalikiliki ndi ogula usipa. Pita masana akusoka maukonde, kapena tsiku la mwera mu Juni kapena Julayi mabwato ali pamtunda. Lachisanu masana ambiri amakhala ali kumzikiti.

Cholakwa chachikulu ndi kukonza mawu a anthu kuti afanane ndi Chichewa cha m'kalasi. Kwanuko kunakhazikika a Jumbe, amalonda a Chiswahili aja, kuyambira m'zaka za m'ma 1840, ndipo Chichewa chakhala chikukumana ndi Chiswahili ndi Chiyao, komanso Chitonga cha mbali ya ku Dwangwa. Ukakonza, wafufuta umboni womwe aphunzitsi akufuna. Mawu a woyankhula lemba momwe atulukira, uwaike m'mitengero. Malamulo a kalembedwe uwatsate pofotokoza iweyo.

Pamaliro usatulutse kope. Mvetsera momwe uthenga wa zovuta ukunenedwera ndi nthabwala za adzukulu, ukalembe ukafika kunyumba. Za kudambwe ndi za kutsimba zisiye, si za m'kope la sukulu.