Namwino nambala 1, ndi sisitala wanga amene anaiwalika

Achemwali ena omwe ndi namwino ku Manchester andilembera imelo. Pa 12 May, tsiku la anamwino padziko lonse, akufuna kulemekeza namwino wina wakale, poti atopa ndi Florence Nightingale, namwino wotchuka wa ku Britain, chaka ndi chaka. Ayambire pati?

Achemwali, mwanditosa pachilonda. Nditangoyamba ntchito ndinali pansi pa sisitala wina wachikulire pachipatala cha kumudzi. Magetsi akazima usiku ankandigwiritsa nyali ya palafini, iwo n'kumabereketsa mayi, uku akumulankhula motsitsa mawu kuti asaope. Mtsempha wa mwana amene watha madzi m'thupi ankaupeza ndi chala chokha. Atamwalira tinapita titavala zoyera, tinaimba, tinalira, n'kubwerera kuntchito. Lero achinyamata pachipatalapo dzina lawo salidziwa n'komwe. Ine ndemwe, amene ndinkadya nawo m'mbale imodzi, sindinalembe ngakhale tsamba limodzi la moyo wawo. Zimandiwawa mpaka pano.

N'chifukwa chake ndimamuvulira chipewa Ethel Gordon Fenwick. Anakhala metroni wa chipatala cha St Bartholomew's ku London mu 1881 ali ndi zaka 24 zokha. Atakwatiwa mu 1887 anachoka m'wodi, koma anagwira cholembera. Mu 1893 anatenga magazini ya The Nursing Record, mu 1902 n'kuitcha The British Journal of Nursing, ndipo anakhala mkonzi wake zaka zoposa 50. Nyimbo yake inali imodzi: boma likhale ndi kaundula wa anamwino ophunzira, munthu asamangovala yunifolomu n'kudzitcha namwino. Nightingale yemweyo ankatsutsa zimenezi! Lamulo linadutsa mu 1919, ndipo nambala 1 m'kaundulamo inapita kwa Fenwick. PIN, nambala yanu ya m'kaundula imene mumalipirira chaka chilichonse ku NMC, bungwe lolembetsa anamwino ku UK, gwero lake ndi limenelo.

Tsono zokumbukira anamwino ndi keke ndi makandulo pa 12 May ine ndimakana ndithu. Timadya, timajambulitsa, zithunzi n'kukathera pa WhatsApp. Anzathuwo ankasindikiza, n'chifukwa chake lero tikutha kudziwa amene ananena chiyani, chaka chanji. Ife anamwino a ku Malawi timalemba malipoti usiku wonse, koma za ife eni, zii.

Yankho lanu nali. Sankhani Fenwick. Bungwe la anamwino la Royal College of Nursing linaika magazini ake akale aja pa intaneti. Werengani ndime imodzi pamwambowo. Kenako aliyense atchule namwino amene anamuphunzitsa ntchito, wina azilemba. Ine dzulo ndinagula kope, ndayambira pa nyali ija.