Ulosi wa masiku otsiriza utakwaniritsidwa, kodi achimwene anu angalape?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Luchenza. Dzina ndalisunga. Akuti achimwene awo, amene anakulira m'kwaya, anasiya kupemphera atabwerako ku Joni. Tsiku lina pamaliro abale atawapanikiza, iwo anayankha kuti adzabwerera kutchalitchi tsiku limene adzaone ndi maso awo ulosi wa m'Chivumbulutso ukuchitika. Ndiye mayiwa akufunsa: "Kodi zitachitikadi, anthu ngati achimwenewa angatembenuke mtima, kapena amangofuna kutitseka pakamwa?"

Mayi, ine ndimapemphera ngati inu, koma sindikunamizani. Ena angatembenuke, ambiri ayi. Ndipo vuto si kuuma mutu kokha.

Mukumbukire Malichi 2023, namondwe wa Freddy atatigwera kuno ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu mpaka ku Chilobwe. Miyala ikuluikulu inatsika m'phiri, matope n'kukwirira nyumba ndi anthu omwe. Masiku amenewo ndinapita kukazonda abale pasukulu ina imene inasanduka msasa, ndipo madzulo amodzi okha ndinamva nkhani yomweyo ikufotokozedwa patatu. Mkulu wa mpingo anatsegula Mateyu 24 n'kunena kuti nthawi yatha. Agogo ena anapukusa mutu n'kuti uyu ndi Napolo, yemwe uja anatsika m'phiri la Michesi mu 1991 n'kusesa Phalombe. Mphunzitsi wachinyamata anati tisanamizire njoka kapena angelo, nyengo yasintha ndipo mitengo ya m'phiri tinaimaliza tokha ndi makala ndi macheka. Onsewa anali atataya katundu, matope a kumapazi kwawo anali amodzi, koma palibe amene anagona atasintha maganizo. Chizindikiro chimafika chopanda chikwangwani, tanthauzo aliyense amachita kubwera nalo kuchokera kwawo.

Zambiri zimene timazitcha zizindikiro za chimaliziro zili choncho: nkhondo, njala, miliri, zivomezi. Mukawauza achimwene anu kuti taonani kolera, taonani Covid, adzakufunsani za njala ya 1949, imene agogo athu ankayesa kuti ndiyo mathero. Kodi mudzawayankha chiyani?

Komanso tivomereze kuti ife okhulupirira tinaononga tokha msika ndi nkhani yotchula masiku. Ku America, anthu otsatira William Miller anadikira Yesu pa 22 Okutobala 1844. Ena anasiya mbewu m'munda osakolola. Kunacha bwinobwino. Ambiri anabalalika, koma kagulu kena kanati tsikulo linali lolondola, chimene chinalakwika n'kamvedwe: chochitikacho chinali cha m'kachisi wa kumwamba, osati pansi pano. Mwa anthu amenewa munatuluka mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unakhazikitsidwa mu 1863, ndipo pofika 1902 unali utafika ku Thyolo, pamalo amene lero timati Malamulo, kufupi ndi Makwasa. Inu a ku Luchenza mukudziwa kuchuluka kwa anthu amene anachira pachipatala cha Malamulo. Kumpoto nako, cha m'ma 1908 ndi 1909, Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwizikwi ku Nkhata Bay akulalikira chiphunzitso cha Watch Tower chakuti maufumu a dziko lino atha mu 1914, msonkho wa atsamunda n'kuthera pomwepo. Chimene chinabwera mu 1914 ndi nkhondo yaikulu, mfuti zinalira mpaka ku Karonga, msonkho sunathe, koma okhulupirira anati nkhondoyo ndiye umboni wake. Mlaliki wa ku America Harold Camping naye anatchula 21 Meyi 2011, litadutsa anasunthira pa 21 Okutobala.

Sindikunyoza mpingo wa munthu, anzanga a Sabata musandikwiyire. Chimene ndikuonapo n'chakuti ulosi ukalephera, wokhulupirira sasiya kukhulupirira, amapeza kafotokozedwe kena. Nanga tikudabwiranji kuti ulosi ukaoneka ngati wakwaniritsidwa, wosakhulupirira nayenso amapeza kafotokozedwe kake? Mutu wa munthu ndi umodzimodzi. Si kuno komwe mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa, popanda ndi mmodzi yemwe amene anagwira namapopa ndi botolo la magazi m'manja? Chimene mtima wafuna timachikhulupirira popanda umboni, chimene sitikuchifuna timachikana umboni uli pamphuno.

Tsopano tinene kuti zachitika zosakanika. Thambo lang'ambika pamwamba pa Sapitwa, lipenga lamveka kuyambira ku Muloza mpaka ku Bvumbwe, manda atseguka, diso lililonse laona monga Chivumbulutso 1:7 chimanenera. Apo ndiye wonena kuti kulibe Mulungu sadzapezekanso, zoona. Ngakhale pamenepo, mnzathu wachisilamu wogulitsa nsalu pa Limbuli sadzadabwa kwenikweni, chifukwa nawonso amadikira kubweranso kwa Issa, amene ife timati Yesu, ndipo angathe kunena kuti zachitika monga anaphunzirira kumadrasa.

Koma chachikulu, mayi, n'chakuti kuvomera ndi kutembenuka mtima n'zosiyana. Munthu akhoza kugwadira mfumu chifukwa choopa kulandidwa munda, mumtima akuitukwana. Baibulo lenilenilo silibisa zimenezi. Yakobo 2:19 akuti ziwanda nazonso zimakhulupirira kuti Mulungu ndi mmodzi, mpaka zimanjenjemera, koma ndi ziwandabe. Pa Chivumbulutso 16, miliri ikugwa, anthu akudziwa bwino lomwe amene waitumiza, ndipo m'malo molapa akumuchitira mwano. Ndiye pali fanizo la mwinichuma ndi Lazaro pa Luka 16: mwinichuma akupempha kuti wina achoke kwa akufa akachenjeze abale ake asanu, Abrahamu n'kumuyankha kuti ngati samvera Mose ndi aneneri, sangamve ngakhale wina atauka kwa akufa. Buku lomwe lili ndi ulosilo likunena lokha kuti ulosi wokwaniritsidwa sudzadzaza tchalitchi.

Za mpata wolapa zinthu zitayamba, mipingo imasiyana. Amene amaphunzitsa za mkwatulo (kutengedwa kwa okhulupirira kupita kumwamba) ndi zaka 7 za chisautso amati otsala ena adzapulumuka movutikira. Akatolika, a CCAP ndi a Sabata saphunzitsa mkwatulo wam'chibisira, ndipo kwa iwo Yesu akangoonekera ndiye kuti khomo latsekedwa, ngati la anamwali asanu opusa aja. Mkangano umenewo ndiwasiyira abusa.

Ndisawapondereze achimwene anu. Tomasi nayenso anati sakhulupirira mpaka ataika chala m'mabala, ndipo sanathamangitsidwe, anaonetsedwa mabalawo. Alipo anthu oona mtima amene anasiya chifukwa sanapeze umboni, ndipo ataupeza angagwade osachita manyazi. Njira yodziwira ngati achimwenewo ali m'gulu limeneli ndi yapafupi. Muwafunse kuti ulosi wake uti, pavesi liti, uchitike motani kuti akhutire. Akatchula chinthu chenicheni, ndiye kuti nkhaniyi anaiganizira. Akamangozungulira, dziwani kuti pamaliro paja amafuna kuti abale awasiye adye nsima mwamtendere.

Ndipo ine ndikukayika ngati nkhani yawo ili pa Chivumbulutso. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi onena kuti alibe chipembedzo ndi pafupifupi awiri okha pa 100 alionse. Kuti munthu wokulira m'kwaya alowe m'kagulu kochepa chotero, podziwa kuti amalume ndi azakhali adzamuloza zala, kawirikawiri pamakhala chimene chinamulasa. Amene ndacheza nawo ine satchula zilombo za nyanga khumi. Wina amatchula mneneri amene anamugulitsa mafuta odzozera mwana n'kumwalirabe, wina chakhumi chimene chinagula galimoto ya abusa, wina usiku umene anabisala m'chimbudzi ku Joni anthu akusaka makwerekwere, akupemphera kumwamba kuli zii.

Mwandiuza kuti achimwenewo amabwera kwanu Loweruka lililonse kudzatenga nthochi ndi mapeyala. Loweruka likubwerali musatsegule Mateyu 24. Muwathirire tiyi, ana muwatume kumsika, kenaka muwafunse kuti ku Joni kuja kunachitika zotani. Akakuuzani, mudzandilemberenso.