Kodi HER2 ya bambo anga ili m'magazi mwanga?

Mayi wina wandilembera imelo kuchokera ku Johannesburg. Bambo awo, a zaka 64, apezeka ndi khansa ya chifu, ndipo papepala la zotsatira za kanyama kamene madokotala anatapa pa chotupacho palembedwa kuti HER2 positive. Dokotala anangoti majini a chotupacho anasintha. Mayiwa akufunsa ngati matendawa ali akumtundu, komanso ngati iwo ndi ana awo atatu ayenera kukayezetsa.

Mayi, pepani ndi matendawa. Mawu akuti majini amadzidzimutsa, chifukwa kwathu amatikumbutsa za mizimu, koma kuchipatala amatanthauza tizigawo ta DNA timene timalamula selo kuti ikule liti ndi kusiya liti. Majini amawonongeka m'njira ziwiri. Ena munthu amabadwa nawo owonongeka kale, ndipo amakhala m'selo iliyonse ya thupi, kotero angathe kupita kwa mwana. Ena amawonongeka munthu atakula, m'maselo a chotupa mokha. HER2 ya bambo anu ili m'gulu lachiwirili. Simunaitengere, ndipo ana anu sadzaitengera.

Chimene zotsatirazo zikunena ndi chakuti maselo a chotupacho anachulukitsa jini imodzi yotchedwa HER2, motero akupanga puloteni yambiri imene imawakankha kuti azigawikana osapuma. Zimenezi zimapezeka pafupifupi mwa wodwala mmodzi pa asanu alionse, ndipo ubwino wake ndi wakuti pali mankhwala otchedwa trastuzumab amene amakakamira puloteniyo. Pa kafukufuku wa ToGA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, odwala amene khansa inali itafalikira ndipo analandira trastuzumab pamodzi ndi chemo anakhala ndi moyo miyezi 13.8, powerengera wapakatikati, pamene a chemo yekha anakhala miyezi 11.1. Sindikufuna kukunamizani: kusiyanako sikufika miyezi itatu, ndipo mankhwalawa sachiza khansa yofalikira. Komabe amathandiza, ndipo musadabwe akamawayeza mtima bambo anu kawirikawiri, chifukwa trastuzumab nthawi zina amafooketsa mtima.

Mu 2014, asayansi a The Cancer Genome Atlas anapenda zotupa 295 ndipo anagawa khansa ya chifu m'magulu anayi potengera majini ake. Kwa wodwala, gulu loyenera kulidziwa ndi la MSI, limene maselo ake amalephera kukonza zolakwika za mu DNA, popeza zotupa zotere nthawi zambiri zimamva mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi monga pembrolizumab.

Khansa ya chifu yakumtundu ilipodi, koma ndi yosowa: odwala osaposa atatu pa 100 alionse. Nkhani yake yodziwika inachokera ku New Zealand, kumene banja lina la Amāori linakhala likuika maliro a achinyamata mbadwo ndi mbadwo, mpaka abale enieniwo anapita kukapempha asayansi kuti afufuze chimene chinkayambitsa khansayi. Mu 1998, Parry Guilford ndi anzake a ku yunivesite ya Otago anapeza kuti vuto linali mu jini ya CDH1, imene imapanga zomatira zogwirizanitsa maselo. Zomatirazo zikasowa, khansa siipanga chotupa chimodzi chooneka bwino. Imamwazikana m'khoma la chifu, moti dokotala angalowetse kamera n'kuona ngati zonse zili bwino. N'chifukwa chake amene apezeka ndi jiniyi ili yowonongeka amalangizidwa kuchotsa chifu chonse akadali bwinobwino, chisankho chowawa kwa munthu wa zaka za m'ma 20. Mwana wa kholo lotere amaitengera kapena ayi, theka ndi theka, ndipo akazi amakhalanso pachiopsezo cha mtundu wina wa khansa ya m'mawere.

Banja lotere limadziwika ndi mbiri yake: abale angapo a mbali imodzi, odwala asanafike zaka 50. Bambo mmodzi wa zaka 64 sakufanana nazo, koma funsani azakhali ndi amalume za amene anamwalira ndi "m'mimba" ali aang'ono, ndipo mukauze dokotala zimene mwamva. Onaninso papepalalo ngati palembedwa intestinal (khansa yopanga chotupa chooneka) kapena diffuse (yomwazikana m'khoma la chifu). Khansa ya CDH1 imakhala diffuse, pamene HER2 imakonda intestinal.

Chimene ndingakutumeni kukayezetsa ndi china. Kachilombo ka Helicobacter pylori, kamene mu 1994 kanaikidwa pa mndandanda wa zoyambitsa khansa zotsimikizika, kamafala pakati pa anthu a nyumba imodzi, makamaka paubwana, ndipo kamatupitsa khoma la chifu kwa zaka zambiri mpaka majini a maselo ake amayamba kuwonongeka. Amakayeza m'chimbudzi kapena mu mpweya wopuma, ndipo akakapeza mumamwa mankhwala pafupifupi milungu iwiri. Yambani inu ndi abale anu a bere limodzi. Za anawo dokotala akuuzani akaona zotsatira zanu.