Zothandiza apaulendo akagwa m'mavuto, zingakhale bizinesi? Yankho langa kwa achemwali aja

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akhala akugulitsa matikiti a ndege kwa zaka zingapo. Akuti makasitomala awo akadwala kapena kutaya pasipoti ali kunja amaimbira iwowo, olo pakati pa usiku, iwo nkumathamanga ulele, ndiye akufunsa ngati zimenezi zingakhale bizinesi payokha, ayambire pati, komanso ngati mpaka akhale ndi ambulansi kapena ndege yawoyawo.

Achemwali, bizinesiyo ilipo ndipo si yachilendo ayi. Europ Assistance inayamba mu 1963 ku France, Pierre Desnos ataona mmene anzake anavutikira atachita ngozi ku Spain. International SOS inayambira ku Singapore mu 1985, oyambitsa ake anali anthu awiri basi, mmodzi dokotala. Koma za ndegezo muziike pambali kaye, makampani ambiri otere amachita hayala ikafunika. Chimene inu mukugulitsa ndi foni yoyankhidwa 2 koloko usiku, ndi anthu amene mukawaimbira nthawi imeneyo amadzukadi.

Pamene ambiri amasokonekera ndi apa, ntchito yanuyi si inshuwalansi. Wa inshuwalansi amatolera ndalama kwa anthu nkulonjeza kuti akadwala adzawalipirira bilu, ndipo zimenezo zimafuna laisensi komanso ndalama zankhaninkhani zosunga. Inu ndinu miyendo ndi pakamwa pake. Tsiku limene mudzauze kasitomala kuti "muzilipira mwakuti pachaka, mukadwala chipatala ndilipira ndine," dziwani kuti mwayamba inshuwalansi olo musaitchule dzinalo, ndipo boma likhoza kukutsekerani. Chonde muonane ndi loya musanasindikize kapepala kalikonse ka malonjezo.

Tiyerekeze foni yalira. Bambo wina wagwa pa masitepe a hotelo wathyoka ntchafu, mkazi wake akulankhula akulira, chilankhulo cha kumeneko sakuchimva, achipatala agwira fomu m'manja akuti opaleshoni sichitika mpaka aone ndalama. Inu muyenera kufunsa dzina, nambala ya inshuwalansi yake, dzina la chipatala ndi nambala ina yoti mumupezepo foni yakeyo ikatha moto (izi zimaiwalika kwambiri), kenako mutsimikize kwa a inshuwalansi kuti munthuyu ndi wawodi, dokotala wanu alankhulane ndi dokotala wa kumeneko kuti amve ngati opaleshoniyo ndi yofunikadi pompo, ndiye mutumize kalata imene amaitcha guarantee of payment yolonjeza chipatalacho kuti ndalama zibwera. Pakapita masiku nkhani imasanduka yobwerera kwawo. Kampani ya ndege ifuna fomu yotchedwa MEDIF yofotokoza mmene wodwalayo alili, yodzazidwa ndi dokotala, ndipo ngati sangakhale tsonga ndiye kuti agonekedwa pa machira amene amadya mipando 6 kapena kuposerapo, nesi womuperekeza afunika tikiti yake, ambulansi uku ponyamuka ina uko pofika. Zonsezo mwalumikiza ndinu, muli pa mpando ndi foni.

Ndiye mwaona kuti popanda dokotala simungayambe. Sikuti mpaka mumulembe ntchito, kontrakiti yoti aziyankha mukamufuna ndi yokwanira poyamba, koma chigamulo choti wodwala akwere ndege kapena ayi chisakhale chanu olo banja likukakamizeni bwanji.

Pali ntchito ina imene anthu safuna kuitchula, yonyamula thupi la munthu amene wamwalirira kunja. Pamafunika chikalata cha imfa, cha okonza thupi, chilolezo cha akuluakulu a zaumoyo, nthawi zambiri bokosi lomatidwa kuti mpweya usatuluke, ndi ofesi ya kazembe ikhudzidwe. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene kampani imadziwika mtima wake, chifukwa wolankhula nayeyo ndi namfedwa ndipo pepala limodzi likasowa thupi limatsala pa bwalo la ndege.

Makasitomala muwapeza kuti? Osati mmodzimmodzi pa Facebook. Makampani akuluakulu aja sangakhale ndi ofesi paliponse, amadalira makampani ang'onoang'ono owaimira m'dziko lililonse, ndipo pali mgwirizano wa makampani otere wotchedwa International Assistance Group. Khomo lolowera ndi limenelo, inu mukhale munthu wawo wodziwa zipatala, maambulansi ndi omasulira a kumene muliko. Ena ndi mabungwe otumiza antchito kunja ndi makampani a inshuwalansi amene alibe owayankhira foni usiku. Msika ulipo, tangoganizani kuti wofuna viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Europe, amayenera kuonetsa inshuwalansi ya mayuro osachepera 30,000 yophatikizapo kumubweza kwawo akadwala, ndiye wina wake ayenera kugwira ntchito yomubwezayo.

Chimene chingakugwetseni msanga ndi kayendedwe ka ndalama. Wa ambulansi afuna zake lero, wa inshuwalansi alipira pakapita masabata atafufuza lisiti lililonse, pakatipo mukutulutsa za m'thumba mwanu. Musalonjeze chipatala kandalama kalikonse musanalandire chilolezo cholembedwa kuchokera kwa wolipirayo, mawu a pafoni sakwanira. China ndi tulo. Sabata ili ndi maola 168, kuti mpando umodzi ukhale ndi munthu usana ndi usiku mufunika anthu 4 kapena 5 osinthana, nokha mutha miyezi iwiri kenako mudwala ndinu. Ndipo masiku ena mafoni amalira onse pakamodzi, ngati mu April 2010 phulusa la phiri la ku Iceland litaimitsa ndege ku Europe pafupifupi sabata yathunthu. Zinsinsi za odwala nazonso muzisunge bwino, malipoti a dokotala asamangoyenda m'magulu a WhatsApp, anzanu a ku Europe adzakufunsani za GDPR, lamulo lawo loteteza zinsinsi za anthu, asanasaine nanu chilichonse.

Ndikanakhala inu ntchito ya matikitiyo sindikanaisiya pano. Ndikanatenga kope nkulemba mafoni onse ausiku aja, vuto linali chani, ndinaimbira ndani, zinatenga maola angati. Kenako ndikanayenda m'zipatala zimene zimalandira alendo, osati kukaona bwana wamkulu ayi, koma wa ku ofesi ya mabilu, nkumufunsa ngati amalandira kalata ya guarantee of payment, kwa ndani, ndipo usiku amayankha ndani. Mukatero mundilemberenso, tikambirane za mmene mungalembere kalata yoyamba yopita kwa makampani aja.