Kodi zinthu zakale za pabwalo tizitaye?

Funso: Pabwalo la nyumba yathu pali wilibala ya dzimbiri, benchi lathabwa lomwe linatuwa kalekale, ndiponso khoma lanjerwa lomera ndere. Amuna anga akufuna kuti titaye zina ndi kupaka penti zotsalazo, ati zikutichititsa manyazi alendo akabwera, koma ine ndikaziyang'ana m'mawa ndimaona kuti n'zokongola. Kodi ndikulakwa? (Mayi wina)

Yankho: Simukulakwa ayi, mayi, ndipo funso lanu landikondweretsa kwambiri. Chimene inu ndi bambo muyenera kusiyanitsa ndi ichi: pali kukalamba kumene kumangosintha khungu la chinthu, ndipo pali kuwonongeka kumene kumachidya mpaka m'kati.

Tiyambe ndi benchilo. Thabwa limatuwa chifukwa kuwala kwa dzuwa kumaphwanya zinthu zomanga timinyewa take tapamwamba, kenako mvula imazikokolola, motero mizere ya mtengowo imayamba kuonekera bwino kuposa pamene unali wopalidwa kumene. Yendetsani chala pamenepo ndipo mudzamva timigula tating'ono, koma pamalo pamene anthu akhala akukhalapo zaka zonsezi mudzapeza posalala ngati mwala wa mumtsinje. Kusalala kotereku palibe mmisiri amene angakupange tsiku limodzi. Kuti mudziwe ngati thabwalo lidakali lolimba, libayeni ndi nsonga ya msomali. Ngati sukulowa, lisiyeni mmene lilili, koma ukalowa mosavuta ndiye kuti lafumbwa kapena chiswe chalowamo, ndipo apo mawu a bambo ndi oona.

Mkangano wanuwu unachitikaponso pa chinthu chotchuka kwambiri. Chiboliboli cha Statue of Liberty ku New York chinakutidwa ndi mkuwa, ndipo pochitsegulira mu 1886 chinali chofiirira, koma pofika 1906 chinali chitabiriwira chonse. Akuluakulu a boma anaganiza zochipaka penti, anthu ambiri anakana, ndipo akatswiri atafufuza anapeza kuti kubiriwirako kumateteza mkuwa wa pansi pake. Kunja kwake sanapakeko penti, ndipo lero anthu amachidziwa ndi mtundu womwewo.

Ndere zouma zomwe zimamatirira pa njerwa ndimazikonda mwapadera. Zambiri zimakula mamilimita ochepa chabe pa chaka, choncho kachigamba kofanana ndi chikhatho cha mwana kangathe kukhala ndi zaka zambiri ndithu. Mukazithira timadzi pang'ono, zotuwa zija zimasanduka zobiriwira inu mukuona. Chimene chingagwetse khoma ndi mizu ya mitengo yomera m'ming'alu, ndipo imeneyo izuleni msanga.

Dzimbiri ndiye lili ndi khalidwe lina, pakuti chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya, dzimbirilo limakakatuka n'kusiya chitsulo chatsopano poyera, ndipo limapitiriza kudya mpaka kuboola. Ngakhale kufiira kwake kumasangalatsa dzuwa likamalowa, wilibalayo siingakhalitse ikangosiyidwa. Ikwecheni ndi bulashi ya waya, pindani kapena kupala m'mbali monse mwakuthwa kuti ana asadzicheke, ndipo muipake mafuta pang'ono. Kenako boolani timabowo pansi pake kuti madzi asamadikhemo n'kuswetsa udzudzu, thiranimo dothi ndi kubzalamo maluwa, ndipo muwapemphe bambo kuti asankhe okha malo oiikapo.