Mwana wasintha khalidwe atachira malungo

Mayi, mwafunsa za mwana wanu wa zaka 5, woti chichirireni malungo aakulu aja sakukhazikika, akumenya anzake, usiku sakugona, ndipo apongozi akuti walodzedwa. Pepani kwambiri, zimenezi zimapweteka mtima.

Malungo a muubongo, aja mwana amakomoka nawo, amatha kusiya mavuto ngakhale tizilombo titatha m'magazi: khunyu, kuvutika kulankhula, kapena kusakhazikika komwe mukunenaku. Si ufiti, ndiponso si mwano. Chonde musamukwapule, mkwapulo ungomuwonjezera mantha.

Pitani naye kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu, mukapemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Kabuku kake kachipatala musakaiwale. Mawu oti "maganizo" asakuopseni, sikuti akamugoneka ku Zomba Mental ayi. Ana aang'ono chonchi kawirikawiri amathandizidwa akuchokera kunyumba. Ku Blantyre kuli Queens, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso St John of God.

Pali china chomwe makolo ambiri sauzidwa. Ngati anamupatsa phenobarbital chifukwa chokomoka, mankhwalawo pawokha amatha kuchititsa mwana kusakhazikika ndi kupsa mtima msanga. Musamusiyitse nokha, angayambirenso kugwa. Mukawafotokozere adokotala, aone ngati n'koyenera kusintha.

Masiku otsalawa musanapite, muzilemba papepala nthawi imene wagona, imene wadzuka, ndi chomwe chachitika asanaluse. Mukamuona akungoyang'ana malo amodzi kwa kamphindi osayankha, phala lili m'manja, mulembenso kapena mumujambule pafoni. Apongoziwo, ngati angalole, mupite nawo akamve okha.