Anzanga akuti tikakwere phiri la sinowo pa ma ski, ndipite?

Funso: Zikomo akonzi. Ndili pa sukulu ku Switzerland ndiye anzanga akundikakamiza kuti Loweruka tikakwere phiri pa ma ski (timatabwa tatitali tovala kumapazi potsetsereka pa sinowo), kutali komwe kulibe makina okweza anthu aja. Ine ndimangotha kutsetsereka m'malo okonzedwa bwino basi koma iwo akuti palibe vuto bola mphamvu. Ndipite? Ndine wowerenga wanu wa ku Bern.

Yankho: Achimwene, mawu akuti bola mphamvuwo ndi amene andidetsa nkhawa. Mphamvu zikufunika inde, chifukwa tsiku lotere mumadzuka kusanache, pansi pa ma ski mumamata nsalu zaubweya zotchedwa skins zomwe zimalola ski kupita kutsogolo koma osabwerera m'mbuyo, chidendene chimakhala chomasuka ndiye mumakwera pang'onopang'ono maola angapo thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira koopsa. Mukafika pamwamba mumamatula ma skins aja, kumanga chidendene n'kuyamba kutsika. Kukoma kwake kulipo ndithu, sindikukanizani.

Koma chimene chimapha anthu kumeneko ndi chigumukire cha sinowo. M'malo okonzedwa muja muli antchito amene amayang'anira mapiri m'mawa uliwonse, kunja kuja kulibe aliyense, ndipo nthawi zambiri chigumukire amachiyambitsa ndi munthu yemweyo kapena mnzake amene ali naye. Malo oopsa kwambiri ndi otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, makamaka sinowo yatsopano ikangogwa kumene kapena mphepo ikaiwunjika mbali imodzi. Ndipo mukhoza kuima pamalo osalala koma chigumukire n'kuchokera pamwamba panu.

Muli ndi mwayi chifukwa bungwe lofufuza za sinowo la SLF, la ku Davos ku Switzerland komweko, limatulutsa chenjezo la chigumukire tsiku lililonse nyengo yachisanu, mlingo wake umayambira 1 mpaka 5, ndipo 5 ndiye woopsa kwambiri. Musapusitsike ndi 3 poganiza kuti ndi pakatikati, ngozi zambiri zakupha zimachitika pa mlingo umenewu chifukwa anthu amati ah tikhoza kupitabe.

Tsopano afunseni anzanuwo mafunso awa mosachita manyazi. Kodi aliyense ali ndi transceiver, kachipangizo kovala pathupi kotumiza siginolo kuti akupezeni mukakwiririka? Nanga ndodo yofufuzira ndi fosholo? Ndipo kodi anayeserapo kuzigwiritsa ntchito, osati kungozinyamula m'chikwama? Munthu akakwiririka mwayi waukulu wopulumuka uli m'maminitsi 15 oyambirira, helikopita kawirikawiri imafika nthawi imeneyi itadutsa, ndiye okukumbani ndi anzanu omwewo, ndipo sinowo ya chigumukire imauma gwa ngati simenti. Akayamba kuseka mafunso amenewa musapite nawo.

Ine maganizo anga ndi akuti Loweruka lino musapite. Yambani mwalowa kosi ya oyamba kumene, bungwe la okwera mapiri la Swiss Alpine Club limakhala nawo makosi otere, kapena sonkhani ndalama ndi anzanuwo mupeze wotsogolera wa m'mapiri wovomerezeka. Muphunzirenso kutsetsereka pa sinowo yakuya chifukwa ndi yosiyana kwambiri ndi yosalazidwa ija, mwendo umangomira.

Tsiku limene mudzapite, musavale malaya a thonje mkati, akanyowa ndi thukuta sauma ndipo mukangoima mumayamba kunjenjemera, valani aubweya. Magalasi a dzuwa osaiwala, kuwala kwa sinowo kumawotcha maso. Ndipo wina wotsala kunyumba adziwe njira yanu ndi nthawi yobwerera.